Mwa Angati? Phunziro la Ziwerengero Kuchokera ku Gombe la Chintheche

Ambiri a ife tikamva mawu akuti deta timaganiza za bandulo ya pa foni, ija timagula Lolemba n'kutha Lachitatu. M'maphunziro a zaumoyo mawu omwewa amatanthauza zonse zimene zalembedwa zokhudza anthu: amene abadwa, amene adwala, amene alandira katemera ndi amene amwalira. Aliyense wa ife, kaya akuphunzira unamwino, za mu labotale, uphunzitsi ngakhale zowerengera ndalama, tsiku lina adzapezeka m'chipinda cha msonkhano, makatani atatsekedwa, wofufuza akuonetsa manambala pakhoma. Phunziro lino ndi lotikonzekeretsa tsiku limenelo, kuti tisadzangogwedeza mutu n'kumadikira nthawi ya tiyi.

Tasankha kuphunzirira pa gombe la Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Amene anadutsapo pa msewu wa M5 akudziwa mchenga wake woyera, mitengo ya mango, minda ya chinangwa ndi usipa woyanikidwa pa mathandala. Kunyanja ndi kumene magulu ambiri amakonda kukachitira maphunziro a masiku atatu, ena mtima uli pa alawansi kuposa pa phunzirolo. Koma mu 2022 gombe la boma limeneli linkamveka m'nkhani tsiku ndi tsiku chifukwa cha kolera, ndipo manambala a nthawi imeneyo ali ndi zotiphunzitsa zimene zitsanzo zongopeka za m'buku la masamu sizingatipatse.

Boma liti linavutika kwambiri?

Mliri wa kolera umene unapha anthu ambiri kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lathu unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, patangopita masabata ochepa namondwe wa Ana atawononga zitsime ndi zimbudzi m'chigawo cha kummwera. Tinazolowera kuti kolera ndi matenda a dzinja, mvula ikasiya nawonso amazilala. Ulendo uno sanatero. Anadutsa nyengo yozizira, ndipo pofika Ogasiti, kunja kutauma gwa, anali atakwera m'mbali mwa nyanja mpaka kumpoto. Ku Nkhata Bay dzina limene linkatchulidwa kawirikawiri linali la Tukombo, dera la asodzi kummwera kwa Chintheche.

Kumayambiriro kwa Novembala bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa lipoti. Kuyambira pa 3 Malichi kufika pa 31 Okutobala anthu 6,056 anali atadwala ndipo 183 anali atamwalira, m'maboma 27 mwa 29. Inde, ku pulayimale tinaloweza maboma 28, koma a zaumoyo amagawa Mzimba pawiri, kumpoto ndi kummwera. Taonani, ngakhale kuwerenga maboma kumafuna kufunsa kaye kuti wowerengayo ndani.

Lipotilo linatchula maboma amene anali patsogolo. Nkhata Bay inali ndi odwala 1,128, omwalira 31. Nkhotakota odwala 811, omwalira 40. Rumphi odwala 783, omwalira 13. Karonga odwala 683, omwalira 14. Blantyre odwala 650, omwalira 26. Tengani pepala mulembe manambalawa tisanapitirire, chifukwa tiwabwerera kangapo.

Wowerenga mothamanga anganene kuti vuto la Nkhata Bay linaposa la Blantyre pafupifupi kawiri, poti 1,128 ili pafupi ndi 650 yowirikizidwa kawiri. Apa ndi pamene funso lathu limalowera: odwalawo ndi mwa anthu angati? Kalembera wa 2018, amene anachititsa a National Statistical Office a ku Zomba, anapeza anthu 284,681 m'boma la Nkhata Bay. Ku Blantyre, tikaphatikiza mzinda ndi midzi, anapeza anthu oposa 1,250,000. Gawani 1,128 ndi 284,681, yankho mulichulukitse ndi 1,000. Mupeza kuti ku Nkhata Bay anadwala anthu pafupifupi 4 pa 1,000 aliwonse. Chitani chimodzimodzi ndi Blantyre, mupeza munthu mmodzi pa 2,000 aliwonse. Kusiyana kuja kumene kumaoneka ngati kawiri kwasanduka koposa ka 7. Rumphi nayo, ya anthu pafupifupi 229,000, imene pa mndandanda inali pansi pa Nkhotakota, yadumpha n'kudzaima pafupi ndi Nkhata Bay ndi odwala oposa 3 pa 1,000, pomwe Nkhotakota yatsalira ndi odwala 2 pa 1,000.

Akatswiri ali ndi mayina awo a manambala awiriwa, koma ife tingowatchula kuti nambala ya pamwamba ndi nambala ya pansi. Ya pamwamba ndi imene imalowa m'nyuzipepala, chifukwa imadzidzimutsa. Ili ndi ntchito yake: ndi imene imauza wosunga mankhwala kuti akufunika madiripi angati, mabedi angati, matenti angati. Koma ya pansi, yosasangalatsayo, ndi imene imatiuza kuti munthu wokhala kuti ndiye ali pafupi ndi ngozi, ndiponso kuti klorini, mijigo ndi katemera ziyambire kuti. Wokamba nkhani akationetsa ya pamwamba yokha, watipatsa theka la nkhani.

Nambala ya pansi imayenda pa bwato

Tisafulumire kudzitama kuti tapeza yankho. Kalembera ali ngati chithunzi chojambulidwa kamodzi. Wathuyu anajambulidwa mu Seputembala 2018, zaka zinayi mliri usanafike, ndipo anthu a kunyanja sakhala chilili kudikira chithunzi china. Asodzi amatsata nsomba. Usipa ukamveka pa doko lina, m'masiku ochepa pamadzaza mabwato, anyamata okoka makoka, amayi ogula nsomba ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ophika nsima ndi ogulitsa makala. Anthu onsewa amamwa madzi, amadya, amafuna pothandizira, pa malo amene mwina ali ndi chimbudzi chimodzi kapena alibiretu. Mwezi ukawala, nsomba zikasowa, amapasula misasa n'kupita kwina.

Tsono msodzi wa ku Karonga akadwalira ku Tukombo, amalowa mu nambala ya pamwamba ya Nkhata Bay, pomwe mu nambala ya pansi ali ku Karonga, kumene anamuwerengera. Onjezanipo chizolowezi chakale cha anthu a dera lino chopita kukagwira ntchito kunja, kale ku migodi ndi ku Harare, lero ku Joni. Ena amene anawerengedwa mu 2018 anali atachoka kale pofika 2022. Motero 4 pa 1,000 ija si nambala yoti tilumbirire. Ndi yoyandikira chabe, ngakhale kuti ndi yabwino kwambiri kuposa 1,128 yopanda mnzake.

Palinso vuto lina lalikulu. Boma la Nkhata Bay ndi lalitali: limayambira ku Dwambazi kummwera mpaka kupyola Usisya kumpoto, ndipo limakwera m'mapiri mpaka ku minda ya tiyi ya Kawalazi. Munthu wa kuphiri amene sanapondeko pa doko chaka chonse ali mu nambala ya pansi yomweyo ndi mwana amene amatunga madzi pakati pa mabwato. Kugawa odwala a madoko ochepa ndi anthu a boma lonse kuli ngati kuthira supuni ya mchere m'mgolo wa madzi n'kumanena kuti mcherewo ngosawawa. Nambala ya boma imabisa mudzi umene ukupsa.

Nchifukwa chake ofufuza za miliri amakonda mapu. Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London. Dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo pambuyo pake anaika kachizindikiro pa mapu pa nyumba iliyonse imene munatuluka maliro. Tizizindikiroto tinaunjikana mozungulira mjigo wa mu msewu wa Broad Street. Chimene timasirira pa ntchito yake si mapu okha, koma kuti anafufuzanso zimene zinkaoneka ngati zikumutsutsa. Pafupi pomwepo panali nyumba yosungiramo anthu osauka 535, koma anamwalira asanu okha. Atafunsa anapeza kuti anali ndi madzi awoawo. Mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira ndi kolera. Atafunsa anapeza kuti mayiyo ankakonda kukoma kwa madzi a mjigo uja, ndipo ankachita kumutumizira m'botolo. Pa 8 Seputembala akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo.

Nkhaniyi imakonda kuthera pamenepo, ngati kuti chogwiriracho chitangochoka mliri unatha. Snow mwiniwake anavomereza kuti imfa zinali zitayamba kale kuchepa, poti anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Tizikumbukira zimenezi tikamamva lipoti lonena kuti ntchito yakutiyakuti ndiyo inathetsa matenda. Kwathu kuno boma linalengeza pa 5 Disembala 2022 kuti kolera ndi ngozi yogwera dziko, mu Febuluwale 2023 linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera, ndipo miyezi yotsatira odwala anatsika. Kampeniyo inagwira ntchito yake, koma nthawi yomweyo katemera anali ataperekedwa, anthu ambiri anali atadwalapo kale, ndipo nyengo inali kusintha. Kupatula gawo la chilichonse mwa zimenezi ndi ntchito yovuta, ndipo wofufuza woona mtima amanena choncho.

Pa katemera ndi pamene nambala ya pansi imasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Mu Okutobala 2022 katemera wa kolera anachepa pa dziko lonse moti mabungwe omugawa anaganiza zoti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Mu Novembala dziko lathu linalandira katemera 2.9 miliyoni. Wogawa katundu wochepa chotere amayang'ana pa pepala kuti dera lililonse lili ndi anthu angati, ndipo amene sali pa pepala alibe gawo. Ku nyanja ya Chilwa anaphunzirapo kale zimenezi. Mu 2016, pofuna kufikira asodzi amene amagona m'zimbowera pakati pa madzi, a zaumoyo ankawapatsa katemera woyamba pamaso, wachiwiri n'kuwapatsira m'manja kuti akamwe okha pakatha masabata awiri. Njira yotere imabwera m'mutu mwa munthu amene wayamba wavomereza kuti anthu ake sakhala pamodzimodzi.

Za omwalira

Bwererani ku pepala lanu. Tsopano nambala ya pamwamba ikhale omwalira, ya pansi ikhale odwala. Dziko lonse: 183 mwa 6,056, ndiko kuti 3 pa 100 aliwonse. A WHO amanena kuti pamene chithandizo chili bwino, omwalira sayenera kufika mmodzi pa odwala 100, chifukwa kolera imapha pochotsa madzi m'thupi, ndipo madziwo amabwezeka ndi thanzi ORS kapena diripi. Ku Nkhata Bay mupeza 2.7 pa 100. Ku Blantyre 4. Ku Nkhotakota pafupifupi 5. Ku Rumphi 1.7. Mndandanda wathu watembenukanso: boma limene linali ndi odwala ambiri si limene wodwala anali pafupi kwambiri ndi imfa.

Kodi tinene kuti a zaumoyo a ku Rumphi ankagwira bwino ntchito katatu kuposa a ku Nkhotakota? Ambiri amagwera m'mbuna imeneyi, ndipo amanyoza anthu osalakwa. Mwina kwinako odwala ankafika mochedwa chifukwa cha mtunda, poti kolera ikhoza kupha munthu wamkulu m'maola ochepa. Mwina madiripi anatha sabata ina. Koma mwinanso kusiyanako kuli m'kawerengedwe. Boma limene limalemba aliyense wotsegula m'mimba, ngakhale wodwala pang'ono, limakulitsa nambala yake ya pansi, ndipo gawo la omwalira limaoneka laling'ono. Boma limene limalemba okhawo ogonekedwa limaoneka ngati likupha anthu. Boma limene alangizi ake a zaumoyo amatsata maliro a kumudzi n'kuwalemba limaoneka loipa kuposa limene silitsata, chonsecho ndilo likugwira bwino ntchito. Manambala asanu amene tili nawowa sangatisankhire chifukwa chenicheni. Amangotilozera kumene tiyenera kupita kukafunsa.

Onaninso kuchepa kwa manambala a imfa. Ku Rumphi ndi 13. Tiyerekeze kuti panali anthu ena asanu amene anamwalirira panjira kapena panyanja osalembedwa: 1.7 ija ikanakhala 2.3. Nambala yaing'ono imagwedezeka msanga, ngati bwato lopanda katundu pa mwera.

Tifunsenso kuti "wodwala kolera" ndani. Mliri ukatsimikizika m'dera, sapimanso chimbudzi cha munthu aliyense ku labotale. Amene wabwera akutsegula m'mimba mwa madzimadzi amalembedwa ngati wa kolera, ndipo ndi bwino kutero kuti athandizidwe msanga. Choncho mwa 1,128 aja mungathe kukhala ena a matenda ena. Mbali inayi, anthu ambiri amene kachilombo ka kolera kawalowa sadwala n'komwe kapena amadwala pang'ono, koma amakatulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo. Amenewa sali m'kaundula aliyense. Pofika pakati pa 2023 dziko lonse linali litalemba odwala pafupifupi 59,000 ndi omwalira oposa 1,700. Mawu ofunika m'chiganizo chimenechi ndi akuti "linali litalemba".

Manda a ku Bandawe

Makilomita ochepa kummwera kwa Chintheche kuli Bandawe, kumene kuli manda a amishoni a ku Scotland. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875. Malungo atatenga anzawo angapo, Dr Robert Laws ndi gulu lake anasamukira ku Bandawe mu 1881. Kumenekonso manda anapitirira kuchuluka, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe, pamwamba pa phiri. Nthawi imeneyo azungu ambiri ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Ronald Ross anadzaona kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897, ku India, iwo atasamuka kale. Anawerenga manda, anaona kuti kumtunda kuli bwino kuposa kugombe, ndipo anachita zoyenera ngakhale chifukwa chimene ankapereka chinali cholakwika. Kuona kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, dambo ndi malungo, n'kosavuta. Kudziwa chimene chikuzilumikiza ndi ntchito ina.

Koma taimani pa mandapo mufunse funso lathu lija. Mayina olembedwa pa miyala ndi a anthu ochepa. Ana a Atonga amene malungo omwewo anawatenga m'midzi yozungulira m'zaka zomwezo anali angati? Palibe anawawerenga, ndipo midzi yawo sinasamukire ku Khondowe.

Mtengo wa kuwerenga bwino

Tikapitirira kumpoto m'mbali mwa nyanja yomweyi timafika ku Chilumba, m'boma la Karonga, kumene kuli umodzi mwa akafukufuku akale kwambiri a zaumoyo mu Africa. Unayamba mu 1979 ngati ntchito yofufuza za khate, ndipo lero uli m'manja mwa bungwe la MEIRU. Ofufuzawo sanadikire odwala kuchipatala. Anayenda nyumba ndi nyumba m'boma lonse, kulemba munthu aliyense ndi kumupima khungu. Kunena kwina, anayamba ndi kumanga nambala ya pansi.

Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa mu kafukufuku wa katemera wa BCG, uja anatisiyira chipsera pa mkono. Zotsatira zinatuluka mu 1996: kubayanso BCG kachiwiri kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikunateteze ku TB ya m'mapapo, imene katemerayo anapangidwira. Zinatenga zaka khumi kuti ayankhe funso limodzi, yankho lake n'kukhala losayembekezeka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyambira 2002 anakhazikitsa kalembera wosalekeza wa anthu oposa 30,000 a midzi yozungulira Chilumba. Anthu osankhidwa m'midzimo amanena mwezi ndi mwezi amene wabadwa ndi amene wamwalira, ndipo imfa ikachitika ofufuza amakacheza ndi achibale kuti adziwe mmene munthuyo anadwalira. Phindu lake linaoneka ma ARV aulere atafika ku Karonga mu 2005. Lipoti la 2008 linasonyeza kuti imfa za anthu akuluakulu okhala kufupi ndi msewu waukulu zinatsika ndi 35 pa 100 m'miyezi yochepa chabe. Kaundula wa chipatala sakanatha kuona zimenezi, chifukwa iye amadziwa okhawo amene afika pakhomo pake. Ndipo onani mawu akuti "kufupi ndi msewu": ofufuzawo sanasakanize anthu onse m'mphika umodzi, anawagawa malinga ndi kumene amakhala, n'kuona kuti chithandizocho chinayamba kufika kwa amene anali ndi mayendedwe.

Sitingachite za ku Chilumba m'boma lililonse, ndalama zake n'zambiri. Pofuna kudziwa za dziko lonse timadalira kufunsa anthu ochepa osankhidwa mwa maere. Kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anafunsa amayi 24,562, ndipo kuchokera kwa iwo tinadziwa kuti ana omwalira asanafike zaka zisanu anatsika kuchoka pa 234 pa 1,000 obadwa amoyo mu 1992 kufika pa 63. Ena amafunsa kuti amayi ochepa chotere angayankhulire bwanji dziko la anthu mamiliyoni. Aliyense amene anagulapo ndowa ya usipa akudziwa yankho: sufunika kuona nsomba iliyonse, koma usatape pamwamba pokha, pamene wogulitsa waika zonona. Pisa dzanja pansi, pakati ndi m'mbali. Kafukufuku wofunsa okhawo opezeka pa msika, kapena okhawo oyankha uthenga wa pa WhatsApp, watapa pamwamba, ngakhale atafunsa anthu 50,000.

Likodzo ndi chitsanzo chachifupi cha vuto lomweli. M'madera ena a kunyanja mnyamata akamakodza magazi sizidabwitsa munthu, ndipo sapita naye kuchipatala. Kaundula ndiye amasonyeza odwala ochepa, pomwe kukapima mikodzo ya ana a sukulu imodzi kungaonetse zina. Kwa zaka zambiri zinkadziwika kuti m'nyanja ya Malawi muli likodzo la m'chikhodzodzo. Mu 2017 ofufuza anapeza ku Mangochi mtundu wa nkhono umene umafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo atapima ana a sukulu analipezadi. Chimene sitikuchifunafuna sichilowa m'ziwerengero.

Kaundula ali m'manja mwathu

Manambala amene wofufuza amaonetsa pakhoma sabadwira mu kompyuta. Amayamba ndi cholembera m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo, uja timati HSA, kapena namwino amene wagwira ntchito usiku wonse. Pa chipatala ngati cha Chintheche wodwala aliyense amalembedwa m'kaundula. Mwezi ukatha manambala amawonkhetsedwa n'kutumizidwa ku boma, kumene amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta imene anaikonza a University of Oslo ndipo Unduna wa Zaumoyo umaigwiritsa ntchito m'dziko lonse. Kolera siidikira mwezi: wodwala mmodzi yekha woganiziridwa amayenera kunenedwa tsiku lomwelo. Kuyambira 2016 a Public Health Institute of Malawi akhala akuphunzitsa ogwira ntchito m'maboma kafufuzidwe ka miliri, ndipo amene akufuna kuzama pa masamu a zaumoyo angathe kupitiriza maphunziro ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Kamuzu University of Health Sciences. Koma katswiri wa digiri zitatu sangakonze chimene chinalembedwa molakwika pa tsamba loyamba.

Tikapita ku pulakitiko tidzaona mmene zolakwika zimalowera, ndipo zambiri sizichokera ku mtima woipa. Mzere ndi wautali, wolemba ndi mmodzi. Gogo sakudziwa zaka zake, wina n'kungolemba 60. Tsiku limene wodwala anayamba kudwala lasokonezedwa ndi tsiku limene wafika kuchipatala, chonsecho loyambalo ndi limene limasonyeza mmene mliri ukuyendera. Bokosi la pa fomu lasiyidwa lopanda kanthu pomwe limafunika 0. Ziwirizi n'zosiyana kwambiri: 0 akutanthauza kuti tinayang'ana ndipo sitinapeze wodwala, pomwe bokosi lopanda kanthu likhoza kutanthauza kuti fomu inanyowa, wolemba anali ku maliro, kapena netiweki inavuta. Wa ku likulu akaona bokosi lotere sadziwa ngati asangalale kapena atumize galimoto. Zilipo zina zochokera ku mantha, monga kukweza nambala ya ana obayidwa katemera kuti ifanane ndi imene akuluakulu akufuna. Mukadzaona lipoti lonena kuti ana 120 pa 100 aliwonse analandira katemera, musaseke msanga: mwina nambala ya pamwamba yakokedwa, mwinanso ya pansi ndi yakale ndipo ana a pa doko sanaliwerengedwe.

Pa gombe ngati la Chintheche funso limodzi la pa fomu limafuna kusamala mwapadera, lija lakuti "mudzi". Msodzi ukamufunsa kwawo amatchula kumene kuli makolo ake ndi mfumu yake, ndipo sananame. Koma kolera imaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku asanu munthu atamwa kapena kudya kachilomboko. Chimene gulu lothira klorini likufuna kudziwa ndi kumene anagona masiku asanu apitawo, doko lake, ndi kumene anatunga madzi. Tikalemba za kwawo zokha, kachizindikiro kathu ka pa mapu kakagwera ku boma lina, ndipo chitsime chenichenicho chipitiriza kumwetsa anthu. Tizilemba zonse ziwiri, ngakhale m'mphepete mwa tsamba.

M'chipinda cha msonkhano chija, nthawi ya mafunso ikakwana, ophunzira timakonda kukhala chete poopa kuoneka osadziwa pamaso pa madokotala ndi mapulofesa. Safunsa anadya phula. Kufunsa kuti "Pepani, odwala amenewa ndi mwa anthu angati, nanga nambala imeneyo mwaitenga kuti?" si mwano, ndipo wofufuza wabwino amakondwa nalo funsolo chifukwa ndi limene linamusowetsa tulo.

Karonga tayisiya dala. Pa pepala lanu pali odwala 683 ndi omwalira 14, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 365,000 m'bomalo. Pezani odwala pa 1,000 aliwonse ndiponso omwalira pa odwala 100 aliwonse, muone pamene Karonga ikuima pakati pa maboma anayi aja pa mindandanda yonse iwiri. Kenako kambiranani m'magulu anu: boma limene lili ndi chipata cha Songwe, chimene anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kupita ndi kuchokera ku Tanzania, ndani amene angalowe mu nambala yake ya pamwamba asali mu ya pansi?